Ku koleji kulibe belu: zimene yearo ayenera kudziwa semesita yoyamba isanamumeze

Chinthu choyamba chimene mudzachisowe mukafika ku koleji ndi belu. Ku sekondale, makamaka inu amene munali kogonera konko, belu ndiye ankakuganizirani: kudzuka, phala, kalasi, nsima, pulepu, kuzimitsa magetsi. Mukachedwa panali pulifekiti, mukathawa panali aphunzitsi oyang'anira kogona, mukalakwa mayeso ahedi ankakuitanani ndi dzina lanu lenileni. Ngakhale inu a ku CDSS, amene munkayendera, kunyumba kunali amayi ofunsa chifukwa chimene simunapite kusukulu lero. Ku Chanco, ku MUBAS, ku Bunda, ku Mzuni, ku MUST kapena ku KUHeS zonsezi kulibe. Mukhoza kugona mpaka 10 koloko Lachiwiri, palibe angagogode pachitseko. Sabata yoyamba zimenezi zimakoma ngati nzimbe. Koma ife amene tinadutsamo, n'kumaonanso ma yearo, ophunzira a chaka choyamba, akubwera chaka ndi chaka, tikudziwa kuti zolakwika za ku koleji sizichita phokoso. Zimaunjikana mwakachetechete, n'kudzaonekera tsiku limodzi, zotsatira zikatuluka, madzi atatayika kale.

Tiyambire kunyumba, musanakwere basi. Dzina lanu likatuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ntchito yoyamba ndi ya mapepala, osati ya zovala. Sonkhanitsani kalata yokuitanani, satifiketi ya MSCE kapena chikalata cha zotsatira chochokera ku MANEB, chiphaso cha unzika, ndi zithunzi za pasipoti zosachepera zinayi. Chilichonse chikhale ndi mafotokope atatu, ndipo muchijambulenso pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Kenako khalani pansi muyerekeze maina chilembo ndi chilembo. Ngati pa MSCE ndinu Chisomo koma pa chiphaso ndinu Chisomo Grace, kapena dzina la bambo lalembedwa mosiyana, yambani kukonza mudakali kwanu, chifukwa kusiyana kotere kumaimitsa munthu pa mzere wolembetsa komanso pofunsira ngongole ya sukulu. Fizi lipirani ku akaunti yokhayo imene ili pa kalata ya sukulu, ndipo pa silipi lembani nambala yanu ya sukulu, osati dzina lokha. Amalume akakulipirirani n'kulemba dzina lawo, ndalamayo imafika koma sadziwa kuti ndi ya ndani, ndiye mudzatha masiku mukuyendera ku ofesi ya zachuma ndi kasilipi kofufuma ndi thukuta. Nyengo imeneyi akuba amachulukanso pa WhatsApp, ena amadzitcha akuluakulu a ophunzira, akulonjeza chipinda cha pa kampasi mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Chipinda cha sukulu sichigulidwa pa nambala ya munthu.

Ambiri amaganiza kuti kusankhidwa ndiye kuti ngongole yabwera yokha. Ayi. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a ku koleji la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limatsegula nthawi yofunsira n'kuitseka, ndipo wochedwa amadikira chaka china. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo amene apatsidwa ndalama ya m'thumba saipeza pa geti tsiku lotsegulira. Choncho bwerani ndi chokudyetsani mwezi woyamba wonse ngati kuti ngongoleyo kulibe. Muzikumbukiranso kuti dzina lake ndi ngongole. Idzakupezani mukadzayamba ntchito.

Pali msampha wina waung'ono umene umagwira anthu chaka chilichonse. Kulipira fizi si kulembetsa. Mukalipira mumayenera kulowa pa portal, tsamba la pa intaneti la sukulu yanu, kapena kudzaza fomu, n'kusankha makosi a semesita imeneyo limodzi ndi limodzi, ndi makodi ake. Munthu akhoza kulowa m'kalasi miyezi itatu, kulemba matesiti onse, n'kudzapeza kuti dzina lake mulibe pa mndandanda wa mayeso chifukwa anasankha kodi yolakwika, kapena sanadine batani lomaliza. Mukamaliza kulembetsa sindikizani tsambalo, mulisunge limodzi ndi silipi ya ku banki mu envelopu imodzi imene simuibwereketsa.

Za pogona. Zipinda za pa kampasi n'zochepa kuyerekeza ndi anthu, ndiye ambiri mudzakhala kunja: ku Chikanda kapena ku Matawale ngati muli ku Zomba, ku Chitawira, Naperi kapena Zingwangwa ngati muli ku Blantyre, ku Luwinga ngati muli ku Mzuzu, ku Goliati ngati muli ku Ndata, kumene kuli MUST. Musalipire nyumba imene mwangoiona pa chithunzi. Pitani masana, mulowe, mutseke chitseko, muyang'ane kudenga. Paliponse pamene pakuoneka kadontho ka dzuwa, mu Januwale padzadontha madzi, ndipo kawirikawiri pamakhala pamwamba pa bedi. Gwedezani loko, onani ngati mawindo ali ndi zitsulo, tsegulani mpopi, lowani kuchimbudzi muwerenge kuti ndi cha anthu angati. Funsani za mita ya magetsi: ngati ndi imodzi ya zipinda zisanu ndi chimodzi, funsani kuti mayunitsi amagawana bwanji, chifukwa mikangano yambiri ya m'nyumba za ophunzira imayambira pamenepo, wina ali ndi simbi ndi ketulo pamene mnzake amangotchaja foni. Yendani wapansi kuchokera panyumbapo mpaka pa kalasi, wotchi ili m'manja. Mphindi 20 n'zabwino. Mphindi 45 ndiye kuti tsiku lililonse la mvula muzilipira kabaza, ndipo madzulo muzithawa ku laibulale kusanade. Lendi yotchipa ya kutali imadya ndalama kudzera kumapazi. Alandilodi akalandira ndalama akulembereni, ngakhale m'kope wamba, tsiku, kuchuluka kwake, mwezi wake, asayine. Funsaninso poyera ngati pa holide mudzalipira, chifukwa ambiri amafuna lendi ngakhale chipinda chili chotseka.

Bulangete musaliderere. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Salima sadziwa chimene Mzuzu amachita mu Juni ndi Julayi, ngakhalenso chiperoni cha ku Thyolo. Ndipo inu opita kumpoto, phunzirani msanga "Muli uli?", "Nili makora" ndi "Yewo". Amayi ogulitsa tomato ku msika amamva Chichewa bwinobwino, koma moni wa m'chinenero chawo umabweretsa basela.

Tsopano ndalama, pamene pamagwera anthu ambiri kuposa pa masamu. Kwa ambiri aka kamakhala koyamba kuona ndalama yochuluka ikulowa mu akaunti yawo nthawi imodzi, ndipo mutu umazungulira. Sabata yomweyo mudzaona mafoni atsopano, nsapato zoyera, tchipisi cha pa chiwaya ndi nkhuku m'mawa ndi madzulo. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi anthu omwewo akudya kamodzi pa tsiku, akuyenda ndi botolo la madzi. Njira yake ndi ya pulayimale. Tsiku limene ndalama yalowa, musanagule ngakhale fanta, chotsani lendi ya miyezi yonse mukapereke. Chotsani thiransipoti yobwerera kwanu muiike poti simungaikhudze msanga. Chotsani ya kusindikiza ndi mafotokope, imene ma yearo amaiwala nthawi zonse. Yotsalayo muigawe ndi chiwerengero cha masabata a semesita, kuphatikizapo a mayeso. Tiyerekeze kuti zatsala K160,000 ndipo masabata ndi 16: ndiye kuti ndinu munthu wa K10,000 pa sabata, osati wa K160,000. Tapani ya sabata imodzi yokha Lolemba lililonse. Ikatha Lachinayi, vuto mwaliona likadali laling'ono.

Kunyumba nako kumabwera mafoni. Achibale akamva kuti mwalandira, amaiwala kuti ndi ya chakudya cha miyezi inayi. Mudzamva za feteleza, za fizi ya mng'ono wanu, za agogo amene akudwala. Kukana n'kowawa, ndipo sindikunena kuti muumitse mtima. Koma auzeni makolo masamu onse poyera, lendi ndi yakuti, chakudya ndi chakuti, chotsala ndi ichi. Ambiri akaona manambala amamvetsa. Chimene chimawononga ndi kutumiza theka chifukwa cha manyazi, kenako n'kukagwira katapila. Wa katapila amatenga laputopu kapena foni ngati chikole, chiwongoladzanja chake n'cha pa mwezi kapena pa sabata, ndipo ngongole yotsatira ikamadzalowa imakhala kuti ndi yake kale. Kubetcha nako, kaya ndi mpira kaya kandege ka pa foni kaja, kwadya fizi ya anthu ambiri anzeru. Amene amapambana amalengeza kuhositelo konse. Amene aluza amangoti zii, n'chifukwa chake mumangomva za opambana.

Kudziphikira n'kotchipa kuposa kugula mbale tsiku lililonse, bola mukhale awiri kapena atatu. Munthu mmodzi wodya nsima kawiri pa tsiku amatha ufa wa makilogalamu 10 mpaka 12 pa mwezi, ndiye ngati kwanu kuli chimanga, gayitsani mubwere nawo, pamodzi ndi nyemba, mtedza wosinja, mfutso ndi usipa kapena bonya wouma bwino. Kugula timapaketi ta ufa ta pa tsiku kumaoneka kopepuka koma pa mwezi n'kodula. Nyemba zivikeni usiku wonse. Zosavika zimatha maola awiri kapena atatu pa moto, zovika zimapsa pafupifupi ola limodzi, ndipo hotplate ya mawati 1,000 imadya yuniti imodzi pa ola, ndiye werengerani nokha. Phikani za masiku awiri, muziwiritsenso m'mawa ndi madzulo kuti zisasase. Ngati malamulo a hositelo amaletsa kuphika m'chipinda, tsatirani, chifukwa mawaya a nyumba zimenezi sanapangidwire mapoto makumi awiri nthawi imodzi. Ndipo chonde, mbaula isagone m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wa makala umene umapha suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso.

Tifike pa chimene mwabwerera. Lekichala salembetsa notsi. Amalowa, kuyatsa ma slide, n'kuyankhula maola awiri zinthu zimene ku sekondale zikanatha masabata awiri, kenako n'kutuluka. M'makalasi ena a chaka choyamba mumakhala anthu mazana, ndipo amene ali kumbuyo amangoona milomo ikugwedera. Fikani mphindi khumi nthawi isanakwane mukhale m'mizere itatu yakutsogolo. Anzanu adzakusekani kuti mukudzionetsera, asiyeni.

Tsiku loyamba la kosi iliyonse mumapatsidwa kapepala kotchedwa course outline, masamba awiri kapena atatu. Ma yearo ambiri amakajambula pa foni n'kukaiwala. Kapepala kameneka ndiye belu lanu latsopano. Mmenemo muli mitu yonse ya semesita, mabuku oyenera kuwerenga, masiku a matesiti ndi ma asayimenti, komanso kagawidwe ka malikisi. Sindikizani ya kosi iliyonse, mutenge pepala lalikulu limodzi, mujambule masabata onse a semesita, n'kulembapo tesiti iliyonse ndi tsiku lililonse lopereka ntchito. Mulimate pakhoma pamene maso amafikira mukadzuka. Mukatero mudzaona chinthu chimene anzanu adzachizindikira mochedwa: chapakati pa semesita pamakhala masabata awiri amene matesiti atatu ndi ma asayimenti awiri amagwera pamodzi, chifukwa malekichala sapangana. Woona patali amayamba asayimenti ya sabata yachisanu ndi chiwiri ali mu sabata yachinayi.

Kawerengedwe ka MSCE, koloweza notsi za aphunzitsi mpaka kuziimba, kuno sikafika patali. Mafunso a ku koleji sakonda define ndi list. Amakonda discuss, analyse, compare, ndipo pa masamu ndi sayansi amakupatsani funso limene simunalionepo kuti mugwiritse ntchito njira imene munaphunzira. Chimene chimagwira ntchito n'chosavuta koma chimafuna khama la tsiku ndi tsiku. Musanalowe m'kalasi werengani mutuwo kwa mphindi 20, ngakhale musamve zonse, kuti mawu ake asakhale achilendo. M'kalasi musakopere ma slide, poti adzatumizidwa pa gulu la WhatsApp kapena pa Moodle, tsamba la pa intaneti loikapo maphunziro. Lembani zimene lekichala akunena zomwe pa slide palibe: zitsanzo, pamene wabwereza kawiri, pamene wati "izi anthu amalakwitsa". Madzulo a tsiku lomwelo, osati mawa, khalani mphindi 30 mukonze notsizo m'mawu anu. Loweruka tsekani kope, tengani pepala loyera, mulembe zonse zimene mukukumbukira za sabatayo, kenako mutsegule muone mabowo. Kuwerenga mobwereza tsamba lomwelo kumanyenga, mumamva ngati mukudziwa chifukwa mawuwo mwawazolowera. Pepala loyera silinyenga.

Pa sabata pali maola 168. Makalasi ndi malabu mwina atenga 20 kapena 25. Maola a pakati pa makalasi, aja mumatuluka 10 koloko n'kudzalowanso 2 koloko, ndi amene amasiyanitsa anthu. Wina amabwerera kuchipinda kukagona, wina amalowa mu laibulale. Pa ola lililonse la m'kalasi ikani ola limodzi kapena awiri owerenga nokha, muwalembe pa ndandanda ngati kalasi yeniyeni, ndi malo ake. Mapepala a mayeso a zaka zapitazo apezeni sabata yachitatu, osati yomaliza. Gulu lokambirana likhale la anthu anayi kapena asanu, aliyense abwere atawerenga gawo lake n'kulifotokozera anzake. Fotokozani m'Chichewa ngati n'kumene zikumveka, koma yankho mulilembe m'Chingerezi, poti mayeso ndi a m'Chingerezi. Gulu likapitirira anthu asanu ndi atatu limasanduka bwalo la nkhani za Bullets ndi Wanderers.

Nawa masamu amene ndimafuna yearo aliyense atawaona sabata yoyamba. Malikisi a kosi amagawidwa pawiri: a m'kati mwa semesita, amene timangoti CA, ndi a mayeso omaliza. Kagawidwe kake ndi malikisi okhozera zimasiyana malinga ndi sukulu ndi pulogalamu, ndiye onani zanu m'buku la malamulo a ophunzira. Tiyerekeze kuti CA ndi 40, mayeso ndi 60, ndipo kukhoza ndi 50. Amene watolera 28 pa 40 akufunika 22 pa 60, kutanthauza kuti ngakhale atapeza 37 peresenti pa mayeso wadutsa. Amene anaseweretsa matesiti n'kupeza 14 pa 40 akufunika 36 pa 60, ndiye 60 peresenti, m'chipinda cha mayeso, maola atatu, pa mafunso amene sanawaonepo. Katesiti ka malikisi 10 kamene munakapeputsa mu sabata yachinayi chifukwa kunali zochitika Lachisanu usiku, ndi komweko kamene kamadzasowa kumapeto. Pepala lililonse lochongedwa limene labwezedwa lisungeni mpaka zotsatira zitatuluka. Malikisi amasochera polowetsa mu kompyuta, ndipo pokadandaula umboni wanu ndi pepalalo. Masukulu ambiri amafunanso kuti mukhale mutalowa m'kalasi mokwanira kuti muloledwe kulemba mayeso, ndiye pepala losayina likamazungulira musalilole kudutsa, komanso musasayinire mnzanu, umenewo ndi mlandu wa nonse awiri.

Mukadwala kapena kukagwa maliro tsiku la tesiti, musangonyamuka. Lembani kalata kapena imelo kwa lekichala ndi kwa mkulu wa dipatimenti, mudziwitse ofesi ya Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira, ndipo pobwera mubwere ndi umboni, monga chikalata cha kuchipatala. Kuuza kalasi repu, woimira kalasi yanu, pakamwa sikuwerengedwa. Polembera lekichala yambani ndi ulemu, tchulani dzina lanu lonse, nambala yanu ndi kodi ya kosi, nenani vuto m'mizere itatu. Uthenga wa pa WhatsApp wa 11 koloko usiku woyamba ndi "bho bwana" suyankhidwa, ndipo dzina lanu limakumbukika pa chifukwa cholakwika.

Asayimenti ya ku koleji imafuna kuti munene kumene mwatenga mfundo iliyonse, m'njira imene dipatimenti yasankha, kaya APA kaya Harvard. Kosi ya chaka choyamba ya chinenero ndi kalembedwe, imene ambiri amaiona ngati yotaya nthawi, ndi imene imaphunzitsa zimenezi. Kukopera pa intaneti, kukopera kwa konti, wophunzira wa zaka zapamwamba, amene analemba funso lomwelo chaka chatha, kapena kupereka zimene ChatGPT yalemba, zonse zikhoza kukupatsani ziro kapena kukufikitsani ku komiti ya chilango. Makina amenewa amathanso kupeka maina a mabuku amene kulibe, ndipo lekichala wa phunzirolo amazindikira pa mzere woyamba. Ngati simunagwirepo kompyuta, musachite manyazi, muli ambiri. Pitani ku labu ya makompyuta sabata yoyamba muphunzire kutaipa, kusunga ntchito ngati PDF ndi kutumiza imelo yokhala ndi fayilo. Pogula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ichotseni pa magetsi muone ngati batire ikupirira ola limodzi, chifukwa magetsi akazima batireyo ndiye sukulu yanu. Ntchito iliyonse muzidzitumizira pa imelo kapena kuika pa Google Drive madzulo alionse. Flash imene yazungulira m'malo osindikizira imatenga mavairasi. Sindikizani kutatsala tsiku lathunthu. M'mawa wa tsiku lopereka, pamalo osindikizira pamakhala mzere wa anthu makumi atatu, inki yatha, magetsi azima, wina akulira.

Mesho wanu, wokhala naye chipinda chimodzi, simumusankha nthawi zambiri. Kambiranani sabata yoyamba, zinthu zisanaipe: magetsi azizima nthawi yanji, alendo azifika mpaka nthawi yanji, shuga ndi sopo n'zogawana kapena aliyense zake, akusesa ndani. Zikuoneka zazing'ono koma anthu asiya kuyankhulana semesita yathunthu chifukwa cha supuni ya shuga. Makonti ambiri ndi abwino, ndipo mmodzi wa pulogalamu yanu amene ali chaka chachiwiri kapena chachitatu ndi chuma: amadziwa buku lenileni limene lekichala amatengamo mafunso, ndi ofesi imene imathandiza msanga. Safunsa anadya phula. Koma konti amene akukuonetsani chikondi chodzidzimutsa sabata yoyamba, kukuperekezani paliponse, kukugulirani chakudya, muyambe mwafunsa mbiri yake. Asungwana a chaka choyamba amasakidwa, ndi ophunzira anzawo komanso azibambo a magalimoto amene amaima pa geti Lachisanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuzunza ma yearo n'koletsedwa, ndipo wogwira ntchito pa sukulu akayamba kukufunani kuti akupatseni malikisi, musafufute mauthenga ake, asungeni, mukanene kwa Dean of Students kapena ku komiti yoona nkhanza zotere. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 lili kumbali yanu.

Kiliniki ya pa sukulu muidziwe musanadwale. Gonani m'neti. Mukamva kutentha thupi kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo akakupatsani LA mumalize masiku onse atatu ngakhale mupeze bwino tsiku lachiwiri. Makondomu ku kiliniki ndi aulere. Ngati mwagonana mosadziteteza kapena mwagwiriridwa, pali mankhwala a PEP oteteza ku HIV amene amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28, komanso mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amene amagwira bwino akamwedwa msanga. Manyazi a Loweruka asakudikiritseni mpaka Lachitatu.

Pali china chimene anthu sakonda kuchinena. Munali nambala wani kusukulu kwanu, mudzi wonse unakuperekezani pa siteji, ndiye tesiti yoyamba yabwera ndi 38 peresenti. Pambali panu pali anzanu a ku masukulu otchuka amene Chingerezi chimangotsetsereka, ali ndi malaputopu, akudziwana kale. Mumayamba kuganiza kuti anakusankhani molakwitsa. Maganizo amenewa amagwira anthu ambiri kuposa mmene nkhope zawo zimaonetsera, ndipo kusiyana kwa masukulu kumene mukukuona semesita yoyamba kumafufutika pofika chaka chachiwiri kwa amene sanabisale. Choopsa ndi kudzitsekera m'chipinda, kusiya makalasi chifukwa mwatsalira, n'kumatsalira kwambiri chifukwa mwasiya makalasi. Lowani gulu limodzi kapena awiri, kaya magulu achikhristu monga SCOM, YCS ndi CCAPSO, bungwe la ophunzira achisilamu, kwaya kapena timu ya mpira, kuti pakhale anthu oti akapanda kukuonani afunse. Awiri akwana, asanu adzakudyerani nthawi. Ngati papita masabata awiri musakugona, musakudya, kapena mukuganiza zodzipweteka, pitani kwa mlangizi wa pa sukulu kapena ku kiliniki tsiku lomwelo, kapena uzani munthu mmodzi amene angakuperekezeni.

Zotsatira zikatuluka n'kupeza kuti pali sapu, mayeso obwereza a kosi imene mwalephera, musazime foni n'kukabisala kumudzi. Werengani malamulo a sukulu yanu muone kuti makosi angati amaloledwa kulemba sapu, angati amabwezetsa chaka, ndi angati amachititsa kuti munthu awididwe, kutanthauza kuchotsedwa sukulu, chifukwa malirewa amasiyana. Masiku a sapu amalengezedwa pa portal kapena pa bolodi, nthawi zambiri pa holide, ndipo palibe amene adzakuimbireni. Pamafunika thiransipoti, pogona masiku angapo, mwinanso ndalama yolipirira mayesowo, n'chifukwa chake makolo auzeni tsiku lomwelo m'malo modzawadzidzimutsa kutatsala masiku awiri. Ngati mukuona kuti malikisi alakwika, nthawi yodandaula imakhala yochepa ndipo dandaulo limakhala lolemba, mutaphatikiza mapepala anu a CA aja munasunga. Ngati sanalakwike, pitani kwa lekichala mufunse gawo limene munagwera, mutenge mapepala a zaka zitatu zapitazo, muziyankha funso limodzi m'mawa uliwonse mutatchera wotchi, kope lili chitsekere.